Magetsi akamagawa madzi

Madzi omwewa timazimitsira motowa ali ndi mpweya woyaka mkati mwake, ndipo magetsi amatha kuutulutsa. Mu 1800, ku London, William Nicholson ndi Anthony Carlisle analumikiza mawaya awiri ku batire la wasayansi Volta n'kuwaviika m'madzi. Posakhalitsa timathovu tinayamba kukwera.

Kuwaya wa negetivu kumatuluka haidirojeni, mpweya woyaka uja, kwa pozitivu okosijeni. Chimene chimandigometsa ine n'chakuti haidirojeni amachuluka kuwirikiza kawiri, ndendende mmene H2O, chizindikiro cha madzi, ikunenera. Madzi opanda chosakaniza sadutsitsa magetsi bwinobwino, n'chifukwa chake amadonthezamo asidi pang'ono. Mchere wam'ndiwo, ine ndimati ayi ndithu: umatulutsa kolorini, mpweya wapoizoni.

Okhala mlengalenga mu International Space Station amapuma okosijeni wopangidwa m'njira imeneyi.