MLEMBI WOCHUKA AMENE ANABADWIRA MU ZAMBIA

Mwana wa sukulu wa ku Vubwi akamva za mlembi amene mabuku ace anagulidwa miyandamiyanda, maganizo ace amathamangira ku London kapena ku America. Koma mmodzi mwa alembi otere, a Wilbur Smith, anabadwira m'dziko lino pa 9 January, 1933, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia.

Ali khanda la miyezi 18 anadwala malungo aakulu, mwakuti anapulumuka mwamwayi. Anakulira pa famu ya ng'ombe ya atate ao, ndipo amai ao ndiwo anawazoloweza mabuku powawerengera nthano. Maphunziro anakacitira ku South Africa, natsiriza pa Rhodes University m'caka ca 1954.

Mtima wao unali pa nchito ya utolankhani, koma atate ao anakana, poona kuti nchitoyo siingadyetse munthu. Motero anaphunzira kusunga mabuku a ndalama, nakagwira nchito ku ofesi ya msonkho mu Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Kumeneko anayamba kulemba akaweruka. Buku lao loyamba linakanidwa ndi osindikiza onse amene analilandira.

Sanagwe mphwayi. Analembanso lina, ulendo uno ponena za zimene anazidziwa bwino: thengo, ulenje, migodi ya golide ndi nkhondo. Bukulo, When the Lion Feeds, linasindikizidwa ndi kampani ya Heinemann mu 1964, caka comwe Zambia analandira ufulu. Boma la South Africa linaliletsa, komabe linayenda malonda kwambiri, ndipo a Smith analeka nchito ya msonkho.

Kucokera pamenepo mabuku anatsatana. The Dark of the Sun la 1965 linasimba za asilikali aganyu ku Congo. Gold Mine la 1970 linasanduka kanema mu 1974, m'mene munasewera a Roger Moore. Mu 1993 anaturutsa River God, nkhani ya ku Egypt wamakedzana. Pomwalira ku Cape Town pa 13 November, 2021, ali ndi zaka 88, anali ndi mabuku 49, ndipo makope oposa 140 miliyoni anali atagulidwa.

Ngakhale zili tero, ena anawadzudzula kuti m'mabuku ao ambiri ngwazi ndi Azungu, pamene Aafirika aoneka ngati othandiza cabe kapena adani. Dziko lathu analiona ndi maso a mwana wa mwini famu, osati a woweta ng'ombe wa pa famupo.

Apa ndipo pagona phunziro kwa acinyamata a kum'mawa. Malemu Julius Chongo anaonetsa kale, m'pologalamu ya pa wailesi ya Poceza m'Madzulo, kuti nthano ya m'Cinyanja ingasonkhanitse mudzi wonse. Nkhani nazo zilipo zambiri. Vubwi ali m'malire a Malawi ndi Mozambique. Alipo akuluakulu amene akumbukira othawa nkhondo ya ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980, ndi ena amene anakagwira nchito ku Harare ndi ku Joni.

A Smith anapambana atayamba kulemba zimene anazidziwa. Zimene adziwa anthu a ku Vubwi, Sinda ndi Katete zikali m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo zikapanda kulembedwa ndi eni ace zidzalowa nazo m'manda.