Chiyankhulo cha kompyuta chimalowa m'mutu kudzera m'zala

Achinyamata amene ndimawaphunzitsa kulemba mapulogalamu amakonda kufunsa buku loti ayambe kuwerenga. Ine ndimawauza kuti buku lidikire kaye, iwo ayambe kulemba.

Ndimawayambitsa ndi Python, chiyankhulo chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa mu 1991. N'chaulere, ndipo wopanda laputopu angathe kuchiika pafoni ya Android kudzera pa Pydroid 3. Mungoonetsetsa kuti maphunziro amene mukutsatira ndi a Python 3, poti Python 2 anasiya kuisamalira mu 2020.

Musayambe ndi zazikulu. Tengani masamu amene mumachita kale pamanja, monga a kubanki mkhonde. Munthu wakongola K50,000 ndipo abweza ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti. Lembani mizere itatu iyi:

ngongole = 50000
phindu = ngongole * 20 / 100
print(ngongole + phindu)

Kompyuta iyankha kuti 60000.0. Taonani, mayina awiriwo ndi athu omwe, Python ilibe nazo kanthu. Apa mwaphunzira kale kusunga nambala pansi pa dzina. Mukatero onjezerani if, kuti wochedwa kubweza alipire chindapusa, kenako for, kuti masamu omwewo achitike kwa mamembala onse. Zitatuzi mudzazipezanso mu Java, JavaScript ndi ziyankhulo zina. Chimasintha ndi kalembedwe chabe.

Pali malo amene pafupifupi aliyense amapunthwa. Nambala ikakhala pakati pa mitengero, Python imaitenga ngati mawu, choncho "5" + "5" imatulutsa 55 m'malo mwa 10. Mzere wa pansi pa if kapena for uyenera kulowa m'kati, kawirikawiri ndi mipata inayi. Mukaiwala, pulogalamu imakana kuyenda. Ndiponso pamndandanda, chinthu choyamba chimawerengedwa 0.

Chimene chimandipweteka mtima n'kuona mwana wanzeru akutseka kompyuta chifukwa cha uthenga wosonyeza kuti walakwitsa. Uthengawo ndi mphunzitsi. Yambani kuuwerenga kumapeto: mzere womaliza umatchula vuto, ndipo pamwamba pake pamakhala nambala ya mzere umene vutolo lili.

Ndiye musamangokopera za ena n'kumata. Lembani nokha chilembo chilichonse, sinthani 20 uja akhale 30, ndipo musanayendetse pulogalamu, yambani mwalosera yankho. Tsiku limene kulosera kwanu kudzayambe kugwirizana ndi zimene kompyuta ikutulutsa, dziwani kuti chiyankhulocho mwayamba kuchimva.