KUMANGA ZINYALALA ZA ATOMU M'SIMENTI

 Inu a ku Kafue, pamene muyenda ulendo wa ku Lusaka mumapitirira pa Chilanga, pomwe pali nyumba zazikulu zopangiramo simenti. Kampani imeneyi inayamba m'caka ca 1949, ndipo simenti yace ndiyo inamanga khoma la Kariba. Tonse tidziwa kuti simenti imamanga nyumba ndi milatho. Koma lero ndifuna kukuuzani za nchito yace ina, ndiyo kumanga zinyalala zoopsa za atomu kuti zisapulumuke ndi kupweteka anthu.

Poyamba tifunse, kodi zinyalala zimenezi nciani? Pali miyala ndi zitsulo zina zimene zimatulutsa ceza cosaoneka ndi maso. Cezaco ciribe pfungo, ndipo munthu sacimva pamene cilowa m'thupi mwace. Koma cikacuruka cimatentha mnofu, cimaononga magazi, ndi kuyambitsa matenda a khansa. Komabe ceza comweco ciri ndi phindu. Cipatala ca khansa ca ku Lusaka, pamene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, cinali ndi makina ociritsa ndi cobalt-60. M'migodi namonso amaika timabokosi ta caesium-137 pa mipope, kuti adziwe kulemera kwa matope oyenda m'katimo. Ndiponso pa Mindola, ku Kitwe, anakumba uranium kuyambira 1957 kufikira 1959. Dziko la Zambia liribe nyumba yopanga magetsi ndi atomu, koma zotsala za nchito izi ziripo, ndipo ziyenera kusungidwa.

Bvuto lace ndi ili: ceza sicizimitsidwa ndi madzi kapena moto, kapena mankhwala ali onse. Cimene cimacithetsa ndi nthawi yokha. Mphamvu ya cobalt-60 imatsala theka pakapita zaka 5 ndi miyezi itatu. Pakapitanso zaka zomwezo imatsala theka la thekalo, ndi kumacepa motero. Caesium-137 imafuna zaka 30 kuti itsale theka, ndipo pakapita zaka 300 mpamene imatsala gawo limodzi mwa magawo cikwi. Radium imafuna zaka 1,600. Cotero nchito ya anthu ndiyo kutsekera zinyalalazo mpaka zitafooka zokha.

Tsono mdani wamkulu pa nchito yosungayi ndiye madzi ndi mphepo. Cinthu ca madzimadzi cimayenda, ca pfumbi cimauluka. Inu a m'mbali mwa Kafue mudziwa bwino zimenezi. Pa 18 February 2025 dziwe losungiramo matope a mgodi linagumuka ku Chambishi, ndipo madzi a asidi analowa m'Mwambashi ndi kufika m'Kafue. Nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Ngozi imeneyo inali ya asidi ndi zitsulo za mu mgodi, koma phunziro lace ndi limodzi: cotayika m'mtsinje sicioleka. Ndipo tikumbukire kuti pa Iolanda, ku Kafue komweko, mpamene amatunga madzi opita ku Lusaka.

Apa mpamene simenti ithandiza. Anchito amatenga mgolo wacitsulo wa malita 200, naikamo matope kapena phulusa kapena zidutswa zoipitsidwa, nasanganiza ndi simenti ndi madzi pa muyeso wace. Ambiri aganiza kuti simenti imalimba cifukwa ca kuuma, koma si tero ai. Madzi amagwirizana ndi simentiyo nasanduka mwala watsopano, ndipo ncifukwa cace mmisiri wanzeru amathirira konkire wace masiku angapo. Pakapita masiku 28 mwalawo wapeza mphamvu yace yambiri.

Mwala umenewu ucita zinthu zitatu. Coyamba, zimene zinali kuyenda ndi kuuluka tsopano zakhala cibuma cimodzi colemera, cobvuta kuciba kapena kucimwaza. Caciwiri, simenti iri ndi ukali wa laimu, ndipo m'ukali wotere zitsulo zambiri, monga uranium ndi cobalt, sizisungunuka msanga m'madzi. Cacitatu, kucindikala kwa konkire kumacepetsa ceza cofika kwa munthu woimirira pafupi.

Njira imeneyi yayesedwa kale ku South Africa. Zinyalala zocokera ku Koeberg, kumene amapanga magetsi ndi atomu pafupi ndi Cape Town, zimatengedwa kunka ku Vaalputs, ku cipululu ca Northern Cape, kuyambira caka ca 1986. Zofooka zimaikidwa m'migolo yacitsulo. Zamphamvu pang'ono zimasanganizidwa ndi simenti m'migolo yocindikala ya konkire, ndi kukwiriridwa m'maenje. Malowo anawasankha cifukwa mvula njocepa ndipo anthu akhala kutali.

Koma tisaganize kuti simenti ndiyo mankhwala a zonse. Caesium imasungunuka msanga monga mcere, ndipo madzi akhoza kuiturutsa pang'onopang'ono m'timabowo ta mwalawo. Cifukwa cace akatswiri amaonjezamo phulusa la malasha kapena dothi lina loigwira. Konkire nayenso amang'ambika akakalamba. Ndipo zinyalala zotentha kwambiri, zocokera m'kati mweni mweni mwa ng'anjo ya atomu, siziikidwa m'simenti: ku La Hague m'dziko la France ndi ku Sellafield ku England amazisungunulira pamodzi ndi galasi.

Kodi cimacitika nciani ngati anthu anyalanyaza? M'caka ca 1987, mu mzinda wa Goiânia ku Brazil, anthu awiri otola zitsulo zakale anacotsa kabokosi m'cipatala cosiyidwa, nakagulitsa. M'kati mwace munali ufa wa caesium-137 wonyezimira mu mdima, ndipo anthu anagawana pouyesa cinthu ca mtengo wapatali. Anthu anai anamwalira, ndipo anthu oposa 100,000 anayenera kupimidwa. Ufa wonsewo unali wocepa, wosadzaza ndi kapu yomwe.

Nkhani iyi itikhudza, pakuti ku Kafue kuli ng'anjo zosungunula zitsulo zakale, ndipo ambiri amapeza ndalama mwa kutola ndi kugulitsa zitsulozo. Cotero, abale anga, mukaona citsulo colemera modabwitsa, cokhala ndi cizindikiro ca masamba atatu pa utoto wacikasu, musacitsegule, musacinyamule, ndipo muletse ana kuseweretsa. Talikirani, nimuuze apolisi kapena a Radiation Protection Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2005 kuti liyang'anire zinthu zotere. Iwo adziwa malo ndi njira yocisungira mpaka mphamvu yace itatha.