Ng'ombe zolondera maluwa ku Durlston

Kum'mwera kwa England, pafupi ndi tauni ya Swanage m'chigawo cha Dorset, kuli paki ya Durlston, malo a maekala pafupifupi 320 okhala pamwamba pa matanthwe oyang'ana kunyanja. Mlendo akafika amayamba wadabwa: ng'ombe zili jegwedejegwede kudya msipu m'kati mwenimweni mwa malo otetezedwa, wozipirikitsa palibe.

Ng'ombezo sizolowerera ayi, eni paki amazilowetsa dala. Dambo la kumeneko likangosiyidwa, minga ndi zitsamba zimakula n'kuphimba timaluwa tating'ono, agulugufe n'kusowa potera. Choncho ng'ombe zimadya, udzu wina umamwetedwa mbewu za maluwa zitakhwima, ndipo anthu ongodzipereka amalimbana ndi tchire ndi zikwanje. Mitundu ya agulugufe yoposa 30 imaswana pamalopa chifukwa cha thukuta limeneli.

Zikanayenda monga ankafunira George Burt, mkulu wa zomangamanga yemwe anagula malowa m'zaka za m'ma 1860, bwenzi pano pali nyumba za anthu olemera. Mapulani akewo sanapite patali. Chimene anasiya ndi chinyumba chonga linga, komanso chimwala chosemedwa ngati dziko lapansi cha matani 40, cha mu 1887, chomwe alendo amajambulitsapo zithunzi mpaka lero.

Dzina lakuti paki palokha silitchinga kanthu. Lamulo la mu 1968 linangopatsa makhonsolo mphamvu yotsegula malo oti anthu azikapitidwako mphepo. Mano enieni ali m'malamulo ena: mu 2001 bungwe la UNESCO linaika gombe lonselo, lotchedwa Jurassic Coast, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse, pomwe palinso paki ya Nyanja ya Malawi kuyambira 1984, ndipo mu 2008 Durlston inakwezedwa kukhala malo osungirako zachilengedwe a dziko la England. Mbalame za m'nyanja zotchedwa guillemot, zomwe zimaikira mazira pathanthwe popanda chisa, zili m'gulu la zotetezedwa pamalopa.

Komatu thanthwe silimva lamulo. Mapanga a Tilly Whim, momwe kale ankaswamo miyala yomangira, anatsekedwa mu 1976 miyala itayamba kugumuka, ndipo anthu saloledwamo mpaka pano. Mukukhala mileme.