KACHIP KA M'FONI YANU KACOKERA KUTALI

M'caka ca 1949 mu mzinda wa Lusaka munafika cinthu cimene cinazizwitsa anthu: wailesi yooneka ngati sefuliya, imene Azungu anaicha Saucepan Special. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain atapempha Bambo Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'masiku a Northern Rhodesia. Mtengo wake unali mapaundi 5. M'kati mwake munali timababu tagalasi tochedwa mavavu, ndipo inkayendera batire lalikulu lolemera.

Lero lino mai wogulitsa tomato pa msika wa Chawama amamanga foni pa mfundo ya citenje. Pa foniyo amamvera nkhani, amatumiza ndalama kumudzi, nalankhula ndi mwana wake ku Chipata. Cimene casintha zinthu cotere ndi kanthu kocepa ngati cikhadabo, kochedwa chip. Anyamata okonza mafoni ku Matero ndi Kanyama amakacha IC.

Kodi kanthu kameneka nciani? Kamapangidwa ndi silikoni, amene amayengedwa kucokera ku miyala ya mtundu wa mcenga. Silikoni salola magetsi kudutsa momasuka monga mkuwa, komanso sawatsekereza monga mphira. Motero akatswiri amapangapo timaswichi tosaoneka ndi maso, tochedwa matransista. Transista yoyamba inapangidwa ku Bell Laboratories ku Amereka m'caka ca 1947, ndipo m'caka ca 1958 Bambo Jack Kilby anaika zipangizo zingapo pa kacidutswa kamodzi. Chip ya Intel ya m'caka ca 1971 inali ndi matransista 2,300. Ya m'foni yapamwamba lero ili ndi mabiliyoni.

Koma pamene matransista akucepa msinkhu, mtengo wowapangira ukukwera. Fakitale imodzi yamakono imadya madola oposa mabiliyoni 10. Makina ojambulira tinjira tocepetsetsa ta pa chip amapangidwa ndi kampani imodzi yokha, ASML ya ku Netherlands. Ncifukwa cace makampani ambiri amangokonza pulani ya chip, kenaka nkupereka nchito yopanga kwa ena, makamaka TSMC ya ku Taiwan, imene inayamba m'caka ca 1987 ndipo imapanga machip ambiri apamwamba kopambana.

Kuopsa kodalira nkhokwe imodzi kunaoneka kuyambira m'caka ca 2020, pa mliri wa Covid-19. Machip anasowa, mafakitale a magalimoto m'maiko ambiri anaima, ndipo mitengo inakwera. Amereka anaika lamulo m'caka ca 2022 lopatula madola pafupifupi mabiliyoni 52 kuti machip azipangidwa kwao, naletsanso kugulitsa machip amphamvu ku China. Nalo dziko la China m'caka ca 2023 linakhwimitsa malamulo a malonda a gallium ndi germanium, zitsulo zofunika pa nchitoyi. Njovu zikamenyana udzu ndiwo umabvutika: zipangizo zikasowa kapena kukwera mtengo, wa m'komboni ndiye amayamba kumva kuwawa, pakuti foni ndiyo banki yace.

Nanga dziko la Zambia lili pati? Kuyambira m'caka ca 1997, pamene kampani ya IBM inalengeza njira yatsopano, tinjira tolumikiza matransista m'machip amakono timapangidwa ndi mkuwa. Mkuwa ndiwo cuma cathu ca ku Migodi ndi ku Solwezi. Komabe woculuka umatuluka m'dziko muno usanasulidwe kukhala katundu, kenaka nkubwerera kwathu uli m'foni, pa mtengo wokwera. Kale ku Livingstone kunali fakitale ya ITT Supersonic yolumikiza mawailesi, koma inatsekedwa.

Ena amafunsa kuti bwanji osamanga fakitale ya machip kuno. Kunena zoona, nchitoyi imafuna madzi oyeretsedwa oculuka ndi magetsi osazima ngakhale kamphindi. Ku Taiwan komweko, pa cilala ca m'caka ca 2021, madzi anacita kutengedwa pa malole kupita ku mafakitale. Ife tonse tikukumbukira caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo makomboni a George, Mtendere ndi Kalingalinga anali kukhala mumdima mbali yaikulu ya tsiku.

Koma khomo lina nlotseguka. Kukonza pulani ya chip sikufuna ng'anjo. Kumafuna mutu wodziwa masamu, kompyuta ndi aphunzitsi abwino. Dziko la India lili ndi akatswiri zikwizikwi ocita nchitoyi, ngakhale machip amene iwo amakonza pulani yace amapangidwira kwina. Sukulu ya Uinjiniya pa Yunivesite ya Zambia ili pafupi ndithu ndi Kalingalinga, ndipo kampani ya ZAMEFA ku Luanshya yaonetsa kale kuti mkuwa wathu ungasanduke waya kuno kwathu.

Mnyamata amene amacotsa IC yakufa ndi kuika yamoyo pa kathebulo kace ku Matero ali kale ndi diso ndi dzanja la nchitoyi. Cimene cikumsowa ndi maphunziro ndi magetsi odalirika. Makolo, mwana akamasula wailesi yakale kuti aone za m'kati, musafulumire kumkalipira. M'mera mpoyamba.