Mbeŵa, Khoswe kapena Mausi: Kutcha Dzina Chipangizo cha Kompyuta

Kachipangizo kolozera pa kompyuta, kamene Douglas Engelbart adakaonetsa poyera mu 1968, kadatchedwa mouse chifukwa nthambo yake inkaoneka ngati mchira. Kumasulira dzinali m'Chicheŵa nkovuta. Mbeŵa ndi ndiwo. Khoswe ndi mbala ya m'nyumba, dzina limene wamalonda sangalole pa katundu wake. Ku Nkhata Bay, kumene ambiri amayankhula Chitonga, ogula amangoti mausi, monga amanenera fulashi, pakuti m'ziyankhulo ziŵirizi mawu amathera ndi lembo la liwu. Ife tikuona kuti dzina lobwerekali nloyenera kulisunga: Mtonga ndi Mcheŵa amalitchula mosavuta, ndipo silikondera chiyankhulo chimodzi. Ndiponso mausi ambiri amakono alibe nthambo, kotero fanizo la mchira lija silikugwiranso.