MAWU KWA APAULENDO AMENE AKUMWA MA ARV

Mvula yatha, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo misewu yauma. Ino ndiyo nyengo ya maulendo m'midzi mwathu. Ena mwa inu mukuperekeza mabelo a fodya ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu. Ena mukupita kunyanja kukapikula usipa. Amayi ena akupita kwao kukadwazika matenda, ndipo anyamata akusunga ndalama za basi ya ku Joni. Palinso ulendo umene supangana ndi munthu, ndiwo wa maliro: uthenga ufika usiku, ndipo tambala asanalire muli kale pa msewu.

Nkhani ino talembera inu amene mukumwa mankhwala a kachilombo ka HIV, aja timati ma ARV, ndiponso inu amene muli ndi mwana, mbale kapena mnzanu wa m'nyumba amene akumwa. M'Malawi muno anthu amene ali ndi kachilomboka ndi pafupifupi 1 miliyoni, chotero palibe mudzi umene nkhaniyi siufika. Inu odziwa kuwerenga, muwawerengere anzanu.

CHIFUKWA NINJI TSIKU NDI TSIKU?

Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo akuluakulu akumbukira maliro a zaka zotsatirazo, pamene minda inagonera chifukwa cholima analibe. Mu 2004 Boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere. Mu 2011 linalamula kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe mankhwala, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka nako amayamba osadikira kuti adwale. Kuyambira 2019 akulu ambiri akulandira mbulu umodzi pa tsiku, umene kuchipatala amautcha 13A. M'mbulu umenewu muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir.

Tsono mvetsani bwino apa. Mankhwala amenewa sachotsa kachilombo m'thupi. Kachilombo ka HIV kamalowa mwa asilikali a m'magazi amene amatiteteza ku matenda, ndipo kamaswana m'menemo kufikira asilikaliwo atatha. Ntchito ya mankhwala ndiyo kukaletsa kuswana. Inu alimi mudziwa namsongole. Mukamusadza pamwamba munda uoneka woyera, koma mizu yake ili pansi, ndipo mukaleka kupalira aphukanso. Kachilombonso kali chomwecho. Mphamvu ya mbulu wa lero imayamba kuchepa m'magazi pofika mawa, ndipo munthu akaleka kumwa, kachilombo kamachulukanso m'masabata owerengeka okha.

Pali choopsa china. Wopopera mbozi ndi mankhwala osungunula kwambiri amapha zofooka zokha, zolimba n'kutsala ndi kuswana. Momwemonso munthu womwa modumphadumpha amaphunzitsa kachilombo kupima, ndipo tsiku lina mbulu umene unali kumuthandiza uleka kugwira ntchito. Komanso tenofovir ndi lamivudine amagwira kachilombo kena ka m'chiwindi kotchedwa hepatitis B. Amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akaleka mwadzidzidzi, chiwindi chingathe kutupa koopsa.

Koma womwa mokhulupirika ali ndi mphotho yaikulu. Kafukufuku wa m'dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akulu 100 amene anali pa mankhwala, pafupifupi 97 kachilombo kanali kataponderezedwa. Munthu amene kachilombo kake sikaonekanso poyeza magazi amalima monga wina aliyense, ndipo sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake pogonana. Chuma chotere sichiyenera kutayika chifukwa cha ulendo wa masabata awiri.

M'MENE ZIMACHITIKIRA

Tiyerekeze mlimi wina wa ku Phalombe amene wamva kuti ku Kasungu akufuna matenanti a fodya. Lole inyamuka mawa. M'botolo mwake mwatsala mibulu 20, ndipo iye aganiza kuti akafika akaona chochita. Afika ku esiteti, chipatala chili kutali, buku la kuchipatala waliiwala pa denga kwao, ndipo achita mantha kupempha tsiku kwa kapitawo. Mibulu itha. Mwezi woyamba sakumva kanthu, ndipo ayamba kunena mumtima kuti kapena anachira. Pofika nthawi yothyola fodya wayamba kutsokomola ndi kutsegula m'mimba, mphamvu zatha, ndipo ntchito imene anaitsata yamukanika. Munthu ameneyu sanakane mankhwala. Chimene chinasowa ndi kukonzekera kwa tsiku limodzi lokha.

MUSANANYAMUKE

Choyamba, khuthulani mibulu pa mbale youma ndi kuiwerenga. Werenganinso masiku a ulendo wanu, ndipo muonjezepo masabata awiri. Ulendo suyenda monga taupangira. Basi imafa, ndalama za fodya zimachedwa, wodwala amene munakamuona amakulirakulira, ndipo mlatho umakokoloka. Anthu a ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje akumbukira namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, pamene misewu inaduka ndipo ambiri anakhala masiku osatha kufika kuchipatala.

Chachiwiri, ngati mibulu siikwana, pitani kuchipatala chanu ngakhale tsiku lanu lisanafike. Auzeni anamwino kumene mukupita ndi nthawi imene mukakhale. Anthu amene akumwa bwino amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi 3, ena mpaka 6, malinga ndi m'mene adokotala aonera ndi m'mene mankhwala aliri m'nkhokwe ya chipatala. Funsaninso ngati tsiku lanu loyeza kuchuluka kwa tizilombo m'magazi layandikira, kuti muyezeretu.

Chachitatu, ngati mukukakhalitsa, monga nyengo yonse ya fodya kapena kukwatiwa kwina, pemphani kalata yosamukira. Ndi kalata imeneyi chipatala cha kumene mukupita chidzakulembani m'kaundula mwake ndi kupitiriza pamene anzawo analekezera. Musakayezetse mwatsopano ndi kunena kuti simunamwepo, chifukwa adokotala osadziwa mbiri yanu sangakuthandizeni bwino.

Chachinayi, tengani buku lanu la kuchipatala, ndipo mulikulunge m'pepala la pulasitiki. Tenganinso Bactrim ndi mankhwala ena onse amene munapatsidwa. Amene mukumwanso mankhwala a chifuwa chachikulu, kumbukirani mbulu woonjezera wa dolutegravir umene adokotala anakupatsani, pakuti mankhwala a chifuwacho amachepetsa mphamvu yake m'magazi.

PA NJIRA

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Botolo la mankhwala lisakwere pa denga la basi, kapena m'ngolo ya katundu, kapena m'thumba la chimanga. Katundu amasochera ndipo amabedwa. Amayi, ikani botolo m'kachikwama kamene sikachoka m'manja mwanu. Abambo, likhale m'thumba la m'kati la jekete.

Adani a mibulu ndi awiri: dzuwa ndi chinyezi. Isiyeni m'botolo lake lomwelo, ndipo mutseke zolimba mukatapamo. Kaphukusi kakang'ono kamene mumakapeza m'katimo musakataye, ndipo musakadye. Ntchito yake ndiyo kuyamwa chinyezi. Musamange mibulu pa nsonga ya chitenje kapena m'kapepala ka shuga, chifukwa thukuta limaifewetsa. Inu asodzi ndi ogula nsomba amene muyenda m'mabwato, ikani botolo m'chitini chotseka kapena mulikulunge kawiri m'pulasitiki.

Nthawi yomwera isasinthe. Ngati kwanu mumamwa m'mawa, pa ulendonso mumwe m'mawa. Amene muli ndi foni tcherani belu lake. Amene mulibe, gwirizanitsani mbulu ndi chinthu chimene simuchiiwala, monga kusukusula. Yendani ndi kabotolo ka madzi abwino. Mbulu wa 13A ungathe kumwedwa ndi chakudya kapena popanda chakudya, chotero musadumphe tsiku chifukwa choti simunapeze nsima.

Chenjerani ndi mankhwala a m'mimba aja oyera a kutentha pamtima amene amagulitsidwa m'magolosale, ndiponso mibulu yoonjezera magazi. Zimenezi zimamanga dolutegravir m'mimba kuti asalowe m'magazi. Yambani mwamwa ARV wanu, papite maola 2, kenaka mumwe enawo. Ngati enawo mwamwa kale, dikirani maola 6. Amayi oyembekezera amene mumalandira mibulu ya magazi ku sikelo, funsani anamwino m'mene muzimwera zonse ziwiri.

MUKAIWALA

Kuiwala kulipo, makamaka pa maliro pamene anthu achezera usiku wonse. Lamulo lake n'losavuta kwa omwa kamodzi pa tsiku. Mukakumbukira maola 12 asanathe, imwani pomwepo, ndipo mawa mumwe pa nthawi yanu ya masiku onse. Mukakumbukira maola 12 atapitirira, dikirani nthawi yanu yotsatira. Musamwe mibulu iwiri pamodzi kuti mubweze wa dzulo. Ngati galimoto yakusanzitsani mutangomwa ndipo mbulu mwauona m'masanzi, imwani wina.

Mowa ndiwo bwenzi la kuiwala. Inu amene mwalandira ndalama za fodya ndipo anzanu akukuitanirani ku botolo, yambani mwakumbukira botolo lina lija laling'ono.

MANKHWALA AKATHA KAPENA AKATAYIKA

Musadikire kuti mudzabwerere kwanu. Pitani tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi chimene chimapereka ma ARV, muonetse buku lanu, ndipo mufotokoze zoona. Malamulo a Unduna wa Zaumoyo amalola kuti wapaulendo wotere apatsidwe mankhwala a mwezi umodzi. Ngati buku latayikanso, pitanibe. Nenani dzina la chipatala chanu ndi mtundu wa mankhwala anu. Ngati simudziwa kumene kuli chipatala, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena a mfumu. Safunsa anadya phula.

Musabwereke mibulu ya mnzanu. Mwina yake ndi ya mtundu wina, ndipo ngakhale ikhale yofanana, mukamutapira ndiye kuti nonse awiri mudzaperewera. Musagule ma ARV pa msika kapena kwa munthu woyenda nawo m'chikwama. Ndipo ngati mwakhala kale masabata kapena miyezi osamwa, musaope kukalipiridwa. Bwererani kuchipatala lero. Anamwino akondwera ndi wobwerera akuyenda yekha kuposa wobwera pa machira.

OPITA KUNJA KWA DZIKO

Makolo athu anali kupita ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury, ndipo ana awo akupitabe, kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, kuoloka Zambezi pa Tete, kufika pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge. Inu a ulendo umenewu tamverani. Dzina lakuti 13A ndi la m'Malawi muno mokha. Namwino wa ku Johannesburg kapena ku Harare salidziwa. Pemphani adokotala akulembereni m'buku maina onse atatu a mankhwala, tsiku limene munayamba, ndi zotsatira za magazi anu zomaliza. Mankhwala a mtundu womwewu amaperekedwanso ku South Africa, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, koma kulembetsa pa chipatala cha dziko la eni sikutha tsiku limodzi. Yambani kufunafuna chipatala mukadali ndi mibulu ya mwezi wathunthu. Pa chipata, mankhwala akhale m'botolo lake lolembedwa, pamodzi ndi buku. Maiko anayi amenewa nthawi yawo ndi yofanana ndi yathu. Ku Tanzania, mukaoloka Songwe, wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi, koma ola limodzi silisokoneza mankhwala.

AMAYI NDI ANA

Mayi woyamwitsa akaleka mankhwala, kachilombo kamachuluka mu mkaka, ndipo mwana amene anabadwa bwinobwino angathe kukatenga. Chotero mayi wopita kwao kukaonetsa khanda atenge mankhwala ake ndi a khandalo, pamodzi ndi kachida koyezera. Mwana womwa ma ARV akapita kutchuthi kwa agogo, musangoika botolo m'thumba mwake. Pakhale munthu wamkulu mmodzi amene mwamuuza maso ndi maso kuti mwanayo amamwa mibulu ingati ndiponso nthawi yanji. Mlingo wa mwana umasintha akamakula, tsono mukamuyeze kulemera kwake musananyamuke.

ZA MANYAZI

Tinene zoona: ambiri amasiya botolo pakhomo mwadala. Aopa kuti pa siwa, pamene amayi 20 agona m'nyumba imodzi, wina amva mibulu ikulira m'chikwama. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ikani kathonje koyera m'botolo ndipo silidzalira. Kumeza mbulu ndi ntchito ya kamphindi, ndipo mungathe kuichita popita kukasamba. Palibe lamulo lakuti muuze mudzi wonse, koma n'kwabwino kuti mnzanu mmodzi wa pa ulendo adziwe, kuti akukumbutseni ndi kukuthandizani mukadwala.

Inunso eni mudzi, mukaona mlendo akumwa mankhwala, mupatseni madzi ndi kusunga pakamwa panu. Inu eni maesiteti ndi akapitawo, wantchito akapempha tsiku lopita kuchipatala muloleni, ndipo musamufunse zambiri. Tsiku limodzi limenelo lidzakusungirani mlimi wamphamvu nyengo yonse.

Tsono usiku wa ulendo, pamene mukumanga katundu, dzifunseni mafunso atatu. Kodi mibulu yakwana, ndi yapadera yomwe? Kodi buku lili m'thumba? Kodi ndikudziwa chipatala cha kumene ndikupita? Mukayankha kuti inde pa onse atatu, gonani, ndipo mawa muyende bwino.